Mmene mungasamalire wankhondo ndi chuma chanu patch ikatuluka mu Path of Exile

Kwa zaka zambiri osewera a Path of Exile, masewera a vidiyo oseweredwa pa intaneti, ankasunga chuma chawo mu Exalted Orb, imodzi mwa ndalama za m'masewerawo, monga mmene wamalonda amasungira phindu lake mu ndalama imene siigwa mphamvu wamba. Mu Ogasiti 2022, kampani ya Grinding Gear Games ya mumzinda wa Auckland ku New Zealand, yomwe imapanga masewerawa, inatulutsa patch 3.19 (gulu la zosintha pa malamulo a masewera), yomwe inabwera ndi league (nyengo yatsopano ya masewera) ya Lake of Kalandra, ndipo pakati pa zosintha zambirimbiri panali mizere yochepa yonena kuti ntchito zodula za pa tebulo losulira zida, zimene kale zinkalipiridwa ndi Exalted Orb, zizilipiridwa ndi ndalama ina yotchedwa Divine Orb, komanso kuti njira yosavuta yopezera Divine Orb pogulitsa chida cha mabowo 6 olumikizana kwa ogulitsa a m'tauni yatsekedwa. Nkhaniyi itangolengezedwa, mtengo wa Exalted unagwa ndipo wa Divine unakwera, moti amene anadzaza nkhokwe zawo ndi Exalted anangozindikira kuti asauka asanagule kapena kugulitsa kalikonse. Exalted Orb sinasinthe maonekedwe, ndipo ntchito yake yowonjezera mphamvu imodzi pa chida inali yomweyo. Chimene chinasintha ndi lamulo lomwe linkachititsa anthu kuifuna.

M'masewera a mtundu uwu, omwe munthu amayendetsa wankhondo mmodzi, kupha zilombo, kutola zida zimene zagwa ndi kuzisinthanitsa ndi osewera ena pa intaneti, pali zinthu zitatu zimene zimakhala ngati mafuwa: malamulo a mphamvu, kuvuta kwa adani ndi mitengo ya pamsika. Fuwa limodzi likasuntha, mphika wonse umapendekeka. Eni masewera amasintha malamulowo kudzera mu patch. Akachepetsa mphamvu ya luso kapena chida osewera amati achita nerf, akaiwonjezera amati achita buff. Dongosolo lonse la mmene wankhondo wanu wamangidwira, kuyambira luso limene amamenyera nkhondo, miyala yothandizira lusolo, nthambi zimene mwasankha pa passive tree (mtengo wa mphamvu zimene mumawonjezera wankhondo akamakula) mpaka zida zimene wavala, limatchedwa build. Ndipo pakapita miyezi itatu kapena inayi pamayamba league yatsopano, pomwe aliyense amayambira pansi wopanda kanthu m'manja, msika nawonso n'kuyambiranso. Zitsanzo zambiri pano ndi za Path of Exile, imene inatuluka mu Okutobala 2013, koma mfundo zake zimagwiranso ntchito pa Diablo ndi Last Epoch.

Kawerengedwe ka zolemba za patch

Zolemba za patch zimatuluka kutatsala masiku angapo kuti league iyambe, ndipo n'zazitali kwambiri, choncho ambiri amangothamangira pa dzina la luso lawo, akaona kuti silinakhudzidwe n'kupumira m'mwamba. Kumeneku n'kuyambira kumchira. Yambani ndi zosintha zimene zikukhudza wankhondo aliyense, monga moyo ndi mphamvu za zilombo, kagwiridwe ntchito ka mabotolo a mankhwala, kuchuluka kwa mana (mphamvu yoyendetsera maluso) imene luso limadya, chitetezo ndi kagwedwe ka zida, chifukwa zimenezi n'zimene zimasintha masewera onse ngakhale dzina la luso lanu lisatchulidwe paliponse. Patch 3.15 ya league ya Expedition, mu Julayi 2021, inachepetsa mphamvu za miyala yothandizira yambiri, inakweza mana imene maluso amadya ndipo inafooketsa mabotolo, kotero kuti pafupifupi aliyense anafooka nthawi imodzi. Zofanana nazo zinachitika mu Diablo IV pa 18 Julayi 2023, pamene patch 1.1.0 inachepetsa chitetezo ndi zina mwa mphamvu zimene osewera ambiri ankadalira kutangotsala masiku awiri kuti season yoyamba iyambe, ndipo madandaulo anakula mpaka akuluakulu a Blizzard, kampani yopanga Diablo, anaonekera poyera kudzavomereza kuti zinthu sizinayende bwino. Mukatha zokhudza onse, pitani pa luso lanu ndi miyala yake, kenako pa passive tree, ndipo zida zikhale zomalizira.

Pali mawu awiri a Chingelezi amene muyenera kuwasiyanitsa bwino, chifukwa pa iwo ndi pamene anthu ambiri amasokonezekera. Mu Path of Exile, manambala onse olembedwa kuti increased amaphatikizidwa pamodzi, pamene olembedwa kuti more amachulukitsana. Tiyerekeze kuti wankhondo wanu ali ndi 300 peresenti ya increased, zomwe zikutanthauza kuti nkhonya yake yakula kanayi, ndiyeno patch yachotsapo 30. Nkhonyayo yatsika kuchoka pa 4 kufika pa 3.7, kutanthauza kuti mwataya 7.5 peresenti yokha, ngakhale kuti nambala ya 30 imaoneka yoopsa. Tsopano tiyerekeze kuti mwala wothandizira umene unkapereka 40 peresenti ya more watsitsidwa kufika pa 25. Pa mwala umodzi mwataya pafupifupi 11 peresenti, koma ngati miyala isanu yonse yolumikizidwa ku luso lanu yadulidwa chimodzimodzi, kutayako kumachulukitsana ndipo mumatsala ndi pafupifupi 57 peresenti ya mphamvu zanu zakale. Manambala amenewa ndi ongoyerekeza, koma akusonyeza chifukwa chake mzere waung'ono wonena za more uyenera kukudetsani nkhawa kuposa ndime yonse yonena za increased.

Pa chida chilichonse chimene chasinthidwa, fufuzani ngati zolembazo zikunena kuti kusinthako kukukhudza zida zimene zilipo kale kapena zatsopano zokha. Nthawi zambiri chida chapadera chimene chinagwa patch isanabwere chimasunga manambala ake akale, ndipo osewera amachitcha legacy. Chida chotere chimatha kukwera mtengo kwambiri mu Standard, komwe ankhondo ndi katundu wa ma league akale amakathera, chifukwa china chofanana nacho sichidzagwanso. Koma mukachimenya ndi Divine Orb, manambala ake amasinthira ku malamulo atsopano ndipo palibe njira yobwezera, choncho musanakhudze chida chakale chilichonse werengani kaye mbiri yake.

Mukamaliza kuwerenga, musadalire makutu okha. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Path of Building, yopangidwa ndi osewera anzathu, imene imakulolani kumanga wankhondo pa kompyuta ndi kuona manambala ake musanawononge ola limodzi m'masewera, ndipo eni ake amaikonza kuti igwirizane ndi patch yatsopano. Ikani build yanu mmenemo, koma muchotse zida zodula zimene mwiniwake wa build anavala pojambula vidiyo yake, muike zida wamba zimene munthu angatole m'masiku atatu oyamba. Build ikaoneka yamphamvu ndi zida wambazo, imeneyo ndiyo yoyambira league. Ikakhala kuti imayenda pokhapokha mutapeza chida chimodzi chosowa, isiyeni idzakhale ya wankhondo wachiwiri, chifukwa chida chimene otchuka a pa YouTube ndi Twitch achitamanda league isanayambe chimafunidwa ndi khamu la anthu pa tsiku loyamba ndipo mtengo wake umakhala wosayandikirika. Akuluakulu anati osagula mbereko mwana asanabadwe, ndipo pano mwanayo ndi chida chimene simunachitole. Chinthu china chaching'ono koma chofunika kwa ife amene timagula intaneti ya bandulo n'chakuti patch ya league yatsopano imakhala ya magigabayiti angapo, choncho konzekeranitu, ndipo ngati simukupikisana ndi aliyense, kulowa patapita tsiku limodzi sikukuchotserani kanthu, kumangokupulumutsani ku mzere wautali wa pa seva.

League ikayamba, Grinding Gear Games kawirikawiri sichita nerf yaikulu league ili mkati, kupatula pamene luso likugwira ntchito chifukwa cha cholakwika cha mu pulogalamu. Choncho build imene mphamvu zake zachokera pa cholakwika chodziwikiratu si yoyenera kuikamo chuma chonse. Lamuloli ndi lofooka mu Path of Exile 2, imene inatsegulidwa pa 6 Disembala 2024 isanamalizidwe kupangidwa: m'masiku oyambirira omwewo miyala monga Cast on Freeze inadulidwa mphamvu, ndipo amene anamangira pomwepo anayenera kumasula nthambi zawo ndi kuyambiranso.

Kusankha kuvuta kokuyenerani

Kuvuta kwa masewera kumayambira pa chisankho chimene mumapanga popanga wankhondo. Mu league wamba wankhondo akafa amadzukanso, pamene mu Hardcore imfa imodzi imamuchotsa mu league n'kumutumiza ku Standard. Mu Solo Self-Found simuchita malonda ndiponso simuyenda ndi anzanu, ndiye kuti mumavala zokhazo zimene mwatola kapena kusula nokha, ndipo Ruthless, imene inabwera mu Disembala 2022, imachepetsa kwambiri zida zogwa. Kwa amene akuyamba kumene, league wamba ya malonda ndiyo yabwino, chifukwa cholakwika cha pa build chimatha kukonzedwa ndi chida chotchipa cha pamsika. Za Hardcore ndinene mosabisa: ngati kumene mukukhala magetsi amathima mosayembekezereka kapena intaneti imadukaduka, musalowemo, chifukwa intaneti ikaduka wankhondo amakhalabe pakati pa zilombo kwa masekondi angapo inu mulibe chochita, ndipo masabata a thukuta lanu amathera pamenepo. Sankhani seva imene ikuonetsa ping (nthawi imene seva imatenga kuti iyankhe) yotsika pa tsamba lolowera, ndipo ngati ping ili yokwera yesani kusintha kalumikizidwe kuchoka pa Lockstep kupita pa Predictive, imene siimitsa chithunzi podikira yankho la seva, ngakhale kuti nthawi zina imakubwezani pamalo pamene munachoka kale.

Ulendo waukulu wa nkhani ya masewerawa uli ndi zigawo 10 kuyambira pa patch 3.0 ya mu Ogasiti 2017, ndipo muli misampha iwiri imene imagwetsa atsopano ambiri. Chitetezo ku moto, kuzizira ndi mphezi chimalekezera pa 75 peresenti, ndipo mukagonjetsa mdani wamkulu wotchedwa Kitava kumapeto kwa chigawo chachisanu masewera amakuchotserani 30 pa chilichonse, kenako 30 inanso kumapeto kwa chigawo cha 10. Ndiye kuti pofika kumapeto muyenera kusonkhanitsa 135 pa chilichonse mwa zitatuzi, kuchokera ku zida ndi nthambi, kuti mufike pa 75. Kusiyana kwa 75 ndi 50 kumaoneka kochepa pa pepala, koma moto wa mphamvu 100 umakupwetekani ndi 25 mukakhala pa 75, pamene pa 50 umakupwetekani ndi 50, ndiko kuti kawiri. Munthu akadandaula kuti patch yaumitsa masewera, chinthu choyamba kumufunsa ndi manambala atatu amenewa, ndipo kawirikawiri yankho limapezeka pomwepo. Tebulo losulira zida la mu hideout yanu, malo anuanu a m'masewera, limatha kuika chitetezo pa mphete, lamba kapena nsapato zimene zili ndi mpata, pa mtengo wochepa kwambiri. Mu Diablo II msampha womwewu ulipo, ndipo pa Hell, gawo lake lovuta kwambiri, amachotsa 100.

Mukamaliza ulendowu mumalowa m'mapu, omwe ndi madera a zilombo amene mumatsegula nokha, ndipo ali ndi masitepe: oyera kuyambira 1 mpaka 5, achikasu 6 mpaka 10, ofiira 11 mpaka 16. Apa kuvuta kuli m'manja mwanu, chifukwa ndinu amene mumasankha sitepe ndiponso mumaika zoumitsa pa mapu kuti mugwe katundu wambiri. Werengani zoumitsazo musanalowe. Zina, monga yoletsa moyo ndi mana kubwerera zokha kapena yotsitsa malire a chitetezo chanu, zimatha kupha build imodzi pamene ina sizikuikhudza n'komwe, choncho dziwani ziwiri kapena zitatu zimene wankhondo wanu sangapirire, ndipo mukaziona sinthani mapuwo ndi Chaos Orb m'malo modzikakamiza. Mapu amatsegula makomo 6, ndipo imfa iliyonse imakudyerani khomo limodzi pamodzi ndi 10 peresenti ya zimene mwasonkhanitsa kuti mukwere level. Mukapitirira level 90, 10 peresenti imeneyo ndi ntchito ya nthawi yaitali. Muyeso umene ine ndimatsatira ndi wakuti ngati ndikufa kangapo pa mapu khumi alionse, kapena ngati boss, mdani wamkulu wa mapuwo, akunditengera mphindi zambiri, ndimatsika masitepe awiri, chifukwa mapu atatu achikasu omalizidwa mofulumira amabweretsa zambiri kuposa mapu amodzi ofiira amene ndawasiyira panjira makomo atatha.

Pamsika

Malonda a pakati pa osewera mu Path of Exile sachitika ndi golide. Ndalama zake ndi ma orb, ndipo orb iliyonse ili ndi ntchito yake: Chaos Orb imasintha mphamvu zonse za chida cha rare (cha dzina lachikasu ndi mphamvu zingapo), Divine Orb imasintha manambala a mphamvu zimene zilipo kale, Vaal Orb imachiipitsa mwamwayi kotero kuti sichingasulidwenso mwa njira wamba, ndipo Mirror of Kalandra, yomwe osewera ambiri sanaionepo ikugwa, imapanga chida china chofanana ndendende. Popeza orb ikagwiritsidwa ntchito imatha, ndalama zimachoka pamsika tsiku ndi tsiku, ndipo n'chifukwa chake lamulo la kagwiritsidwe ntchito likasintha mtengo umasintha nthawi yomweyo, monga zinachitikira mu 3.19. Zinthu zotchipa zimagulidwa ndi Chaos, zodula ndi Divine, ndipo tsamba la poe.ninja limaonetsa mmene ziwirizi zikusinthanirana tsiku limenelo.

Mitengo ya mu league imayenda mwa njira yodziwika. M'masiku oyamba zida wamba zothandiza kumaliza ulendo ndi kulowa m'mapu zimadula, chifukwa ofuna ndi ambiri ndipo zogwa n'zochepa, koma pakatha sabata imodzi kapena ziwiri zimakhala mbwee ndipo mtengo umagwa. Zida zapamwamba zenizeni zimachita zosiyana: zimakwera pamene anthu akulemera. Nayonso Divine nthawi zambiri imakwera poyerekeza ndi Chaos m'masabata oyamba. Phunziro lake ndi lakuti chida chapakatikati chimene mwatola pa tsiku lachiwiri muchigulitse tsiku lomwelo, pokumbukira kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo Chaos zikachuluka muzisinthe kukhala Divine m'malo mozisunga mulu. Zida zimene simuzivala si chuma chodalirika, chifukwa patch imodzi kapena kusintha kwa zokonda za anthu kukhoza kuzisandutsa zinyalala zodzaza nkhokwe.

Kuti muike katundu pamsika mosavuta pamafunika nkhokwe ya premium, imene imagulidwa ndi ndalama zenizeni kwa eni masewera, ndipo pa zonse zimene amagulitsa, nkhokwe ndi zimene ndimaona kuti n'zoyenera kugula, makamaka pa masiku amene azitsitsa mtengo. Poika mtengo, fufuzani pa tsamba la malonda la kampaniyo zida zofanana ndi chanu, koma musatengere mitengo itatu kapena isanu yoyambirira. Pali akamberembere amene amaika chida pa mtengo wotsika dala osafuna kugulitsa, n'cholinga chakuti wosadziwa atengere mtengowo, iwo n'kumugula msangamsanga kuti akagulitse pa mtengo weniweni. Tsikani m'munsi mpaka pamene mitengo yambiri yayamba kufanana, ndipo yang'ananinso nthawi imene katunduyo wakhala pamsika, chifukwa chinthu chotchipa chimene chakhala masiku atatu osagulidwa chili ndi chifukwa chake. Chizindikiro china n'chosavuta kuchiona: mukangoika chida n'kulandira mauthenga asanu m'mphindi imodzi, mwatchipitsa. Musayankhe aliyense, chichotseni, mufufuzenso. Ngati simukudziwa mtengo, yambirani pamwamba ndi kumatsitsa pang'onopang'ono pakapita maola angapo.

Pogula, yambani ndi vuto osati chida. Dzifunseni chimene chikupha wankhondo wanu kapena chimene chikumuchedwetsa, kenako fufuzani mphamvu ziwiri kapena zitatu zokha zothetsa vutolo, mwachitsanzo nsapato za liwiro, moyo ndi chitetezo ku kuzizira. Mphamvu iliyonse imene mwawonjezera pa kafukufuku imakweza mtengo, ndipo nambala yotsika pang'ono kuposa yapamwamba kwambiri imatchipa kutali pamene kusiyana kwake pa nkhondo simungakuone. Fufuzaninso zida zimene zili ndi mpata woti muikepo mphamvu yomaliza nokha pa tebulo losulira. Ndipo musanalipire, ikani chidacho mu Path of Building kuti muone ngati kuvula chakale sikukugwetserani chitetezo pansi pa 75 kapena kukuchotserani Strength, Dexterity kapena Intelligence imene miyala yanu imafuna.

Malonda a maso ndi maso amayenda motere: tsamba limakukonzerani uthenga, mumautumiza kwa wogulitsa, iye amakuitanani mu hideout yake, ndipo nonse mumaika katundu pa windo la malonda. Masewera salola kuti muvomereze musanayendetse mausi pa chinthu chilichonse chimene mnzanu waika, koma kuyendetsa mausi si kuwerenga. Ine ndinaphunzira zimenezi pogula chovala cha pachifuwa cha mabowo 6 olumikizana. Wogulitsa anachiika pa windo, ndinachiyang'ana bwinobwino, ndinaika ndalama, kenako iye anatseka windolo n'kulemba kuti pepani, nkhokwe yadzaza. Atatsegulanso anaika chovala cha dzina lomwelo ndi chithunzi chomwecho, ine n'kungodutsitsa mausi n'kuvomereza. Nditafika kwathu ndinapeza kuti kachingwe kamodzi pakati pa bowo lachisanu ndi lachisanu ndi chimodzi panalibe, ndipo uthenga wanga wotsatira sunamufikenso. Vuto linali langa, chifukwa ndinawerenga windo loyamba n'kukhulupirira lachiwiri. Windo likatsekedwa n'kutsegulidwanso, yambirani pachiyambi: dzina, mabowo, manambala, mawu ofiira osonyeza kuti chinamenyedwa ndi Vaal Orb, ndiponso kuchuluka kwa ma orb pa mulu uliwonse ngati ndinu wogulitsa. Munthu amene akukufulumizitsani musiyeni apite, chifukwa malonda akavomerezedwa sabwezedwa.

Mavuto ena mwa amenewa anachepa kuyambira mu Julayi 2024, pamene patch 3.25 ya Settlers of Kalguur inabweretsa msika wosinthira ndalama woyendetsedwa ndi munthu wa m'masewera wotchedwa Faustus. Kumeneko mumangolemba zimene muli nazo ndi zimene mukufuna, n'kulipira golide wa m'masewera, yemwe amagwa kwa zilombo ndipo sangapatsidwe kwa wosewera wina. Chenjezo lake ndi limodzi: yang'anani kawiri mbali imene mwalemba nambala iliyonse, chifukwa mukatembenuza manambalawo, msika umakwaniritsa zimene mwalemba osati zimene mumaganiza. Mu 2025 munabweranso njira yogulira zida kwa wosewera amene sali pa intaneti, poyamba mu Path of Exile 2 kenako m'masewera oyambawo, ndipo kumeneko mtengo wolembedwa ndi womwe umagulitsa, kotero kuti oika mitengo yabodza alibe pobisala, koma inunso mukalakwitsa polemba mtengo katundu amapita nthawi yomweyo.

Za kugula zida kapena ma orb ndi ndalama zenizeni kwa anthu a kunja kwa masewera, yankho ndi lalifupi: malamulo amaletsa, ndipo akaunti imatsekedwa pamodzi ndi nkhokwe zonse zimene munalipira. Koma ngakhale pamene zinali zololedwa, zotsatira zake sizinali zabwino. Diablo III inatuluka pa 15 Meyi 2012, ndipo patapita milungu yochepa Blizzard inatsegula msika wake wa ndalama zenizeni. Gawo lovuta kwambiri la Inferno linali louma moti ambiri ankaona kuti njira yopitira patsogolo inali kugula, osati kutola. Mu Juni chaka chomwecho patch 1.0.3 inadula ndi theka liwiro lomenyera limene zida zinkapereka, ndipo amene anawononga ndalama pa zida za liwiro anaona phindu lake likusungunuka. Msikawo unatsekedwa pa 18 Malichi 2014, kutatsala sabata imodzi kuti Reaper of Souls, chowonjezera cha masewerawo, ituluke, ndipo m'malo mwake zida zabwino zinayamba kugwa kawirikawiri koma zomangiriridwa ku akaunti ya wotola. Last Epoch, imene inatuluka yathunthu mu Febuluwale 2024, inasankha kupatsa wosewera mwayi wosankha pakati pa Merchant's Guild ya okonda msika ndi Circle of Fortune ya ofuna kuti zida ziziwagwera zambiri popanda malonda. Zonsezi zikusonyeza kuti pamene malonda ali osavuta eni masewera amachepetsa zogwa, ndipo mu league ya malonda munthu amene akukana kugula ndi kugulitsa akusewera masewera ovuta kuposa anzake popanda mphoto iliyonse.

Mukamvanso kuti papezeka njira yochulukitsira katundu mwachinyengo, imani kaye malonda akuluakulu. Mu Ogasiti 2023 Blizzard inaimitsa malonda onse mu Diablo IV kwa kanthawi chifukwa cha vuto lotere, ndipo pa nthawi ngati imeneyo mitengo imasokonekera, komanso amene agwiritsa ntchito chinyengocho amatsekeredwa akaunti.

League ikamayandikira kumapeto, osewera amachepa, ogula amasowa, ndipo zonse zimene muli nazo zidzasamukira ku Standard, kumene msika ndi wakale ndiponso wodzaza. Ngati mumasewera Standard, dikirani zolemba za patch yotsatira musanasankhe chosunga ndi chogulitsa, ndipo musasunge chuma chonse mu orb ya mtundu umodzi. Ngati simusewera Standard, masabata awiri omaliza ndi nthawi yogwiritsa ntchito chumacho: gulani zida za build imene mukuganiza kudzayamba nayo league ikubwerayo, muiyese m'mapu ofiira ndi zida zotchipa, mumenye Vaal Orb pa zida zimene munkaziopera, ndipo mulembe penapake nthambi ndi miyala imene yakuyenderani bwino kuti mudzaiyerekeze ndi manambala atsopano zolembazo zikadzatuluka.